Bala la Amayi: zolemba kuyambira tsiku lochotsa chotupa cha kumsana

Lachiwiri, 7 Okutobala

Chotupa cha Amayi chachotsedwa lero m'mawa. Chinali kumsana, m'munsi pang'ono mwa phewa lakumanja, ndipo akhala nacho zaka zambirimbiri: chofewa, chosapweteka, ukachikankha ndi chala chimathawa pansi pa khungu. Achipatala amati ndi lipoma, mafuta ounjikana m'kathumba kawokawo, si khansa ayi. Chimakonda anthu a zaka zapakati pa 40 ndi 60, ndipo ambiri amakalamba nacho osachilabadira n'komwe. Cha Amayi chinafika masentimita 7, chikuwaletsa kugona chagada, lamba wa chikwama cha kumsika akuchikhula tsiku ndi tsiku. Apa ndi pomwe anavomera mpeni.

Sanawagonetse tulo. Anawabaya jakisoni wa lignocaine kuzungulira chotupacho, malowo anachita dzanzi, ndipo ola lisanathe anatuluka akuyenda okha. Anesi anandionetsa chomwe chatuluka m'kambale kachitsulo: chachikasu, chonyezimira ngati mafuta a nkhuku yonenepa, chokutidwa ndi kachikopa kopyapyala. Chatuluka chathunthu ndi kathumba kake, ndipo izi n'zofunika poti zidutswa zotsalira ndizo zimachititsa kuti chimerenso. Achiika m'botolo la formalin, mankhwala oletsa kuwola, kuti chipite ku labotale. Chotupa chikapitirira masentimita 5, kapena chikakhala chakuya, cholimba, chokula mothamanga, amafuna kutsimikiza kuti si liposarcoma, khansa ya mafuta yomwe ndi yosowa koma imatha kuoneka chimodzimodzi.

Ndayamba kulemba chifukwa bala lili pomwe mwini wake sangalione. Maso ndi anga, manja ndi anga, ndipo akadzafunsa adokotala kuti dzana linkaoneka bwanji ndisadzayankhe zongoganiza.

Asanatitulutse, adokotala ananena zomwe ndazilemba pachikuto cha buku la kuchipatala la Amayi. Anati: "Chomwe muzichiona kunjaku ndi mzere chabe. Pomwe panali chotupa patsala mphako, ndipo mphakoyo ndiye bala lenileni. Khungu lidzakunamizani." Asoka ulusi wa mitundu iwiri: wamkati wosungunuka wokha, ndi wa nayiloni kunja woti ukachotsedwe pa 21. Kumaso ulusi umachoka pakatha masiku 5 mpaka 7, koma khungu la kumsana ndi lokhuthala ndipo limakokeka munthu akangowerama, choncho amausiya mpaka masiku 14. Bandeji isanyowe maola 48 oyamba. Dzanja lamanja lisanyamule kanthu kolemera.

Lachitatu, 8 Okutobala

Dzanzi linatha dzulo madzulo, ululu n'kuyamba. Panado, mapiritsi awiri a 500 mg maola 6 aliwonse, osapitirira 8 patsiku. Asipirini ndamuchotsa m'kabati ya kuchipinda kwawo, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana ndipo mphako ija ingadzaze magazi. Agona chammbali, kumanzere, nditawatsamiza pilo kumsana kuti asagubuduke kutulo. Pabandeji pali kadontho ka magazi kokula ngati ndalama yachitsulo. Ndakazunguliza ndi bolopeni. M'mawa uno sikanadutse mzerewo.

Lachinayi, 9 Okutobala

Lero anesi a pachipatala chaching'ono chapafupi atsegula bandeji yoyamba, ine ndikuonerera, kuti kuyambira mawa ndizichita ndekha kunyumba. Ndikulemba mwatsatanetsatane chifukwa ntchito yonse yagona apa.

Manja ayambe asambidwa ndi sopo, mpaka m'zikhadabo, kenako magulovu. Pulasitala sazula chokoka m'mwamba; chala chimodzi chimapanikiza khungu, dzanja linalo likumatula pang'onopang'ono motsatira mzere wa bala. Kansalu ka gauze kanali katamatirira pakona imodzi pomwe magazi anauma. Anesi sanakakamize. Anadontheza saline, madzi a mchere otsukira mabala, n'kudikira, kansaluko kanachoka kokha. Amayi anangoti "ssss" kamodzi.

Mzere wake ndi wowongoka, wautali ngati chala changa chapakati, mfundo za ulusi wakuda zitandandalika bwinobwino. M'mbali mwake mwatupa pang'ono, mukufundako, ndipo m'munsi khungu lada chifukwa cha magazi omwazikira mkati. Mtima unandigunda, koma anesi anati masiku oyambirira thupi limatero dala: limatumiza magazi ambiri kuti liyeretse malowo, ndipo kutupako kumayamba kutsika pakatha masiku anayi kapena asanu. Chodetsa nkhawa ndi pamene zinthu zikukulirakulira mmalo motsika.

Kupukuta ndi kamodzi, kuchokera pamzere kupita kunja, kansalu n'kutaya. Osabwereza ndi komweko. Thonje ayi, limasiya ubweya m'mfundo za ulusi. Sipiriti ayi, hydrogen peroxide ayi, chifukwa zimaotcha ndi timinofu tatsopano tomwe tikufuna kulumikiza khungu. Ndinafunsa za GV, poti tonse tinakula tikupakidwa GV pachilonda chilichonse. Anati bala losokedwa loyera silimufuna, komanso mtundu wake umaphimba khungu moti sungaone ngati layamba kusintha. Saline wa m'botolo akatha, ndiwiritse lita imodzi ya madzi, ndithire masupuni a tiyi awiri osasefukira a mchere, azizire, ndipo ndizipanga watsopano tsiku lililonse.

Anandiuza chinanso chomwe mapepala ambiri a malangizo sachiganizira. Amalemba kuti bala likafiira psuu ndiye kuti lalowa tizilombo, koma pakhungu lakuda ngati la Amayi kufiirako sikuoneka msanga. Ndidalire kuseri kwa dzanja langa: ndigwire pafupi ndi bala, ndigwirenso phewa linalo, ndiyerekeze kutentha kwake. Ndiyang'ane ngati khungu likunyezimira chifukwa chokungika, ngati kulimba kukufalikira, ngati pakutuluka mafinya kapena fungo, komanso ngati ululu ukukwera mmalo mochepa.

Loweruka, 11 Okutobala

Ozonda odwala abwera ambiri, aliyense ndi mankhwala ake. Azakhali abweretsa tsamba la aloe vera. Mayi wina wa kumpingo akuti tithire ufa wa m'kapisozi. Wina akuti Amayi asadye mazira, mtedza kapena chilichonse cha mafuta, ati zimabala mafinya ndipo ndizo zinabweretsa chotupacho poyamba.

Ndawalandira bwino, tiyi amwa, koma pabala sipanafike kanthu. Azakhali ndinawauza kuti, "Azakhali, tsamba lanulo tilisunge, bala likatsekeka tidzafunse achipatala." Ufa wa m'kapisozi ndiwo ndikuukana ndi mtima wonse. Bala la opaleshoni yoyera ngati iyi kawirikawiri silifuna maantibayotiki n'komwe, ndipo adokotala sanawalembere. Kugula amoxicillin pagolosale n'kumwa masiku awiri, kapena kumuwaza pabala, sikuteteza kanthu. Kumangozoloweretsa tizilombo mankhwala oti tidzawafune tsiku lina.

Nkhani ya zakudya ndiye yandiwawa, chifukwa Amayi anali atayamba kuimvera, akudya nsima ndi masamba okhaokha. Mafinya sachokera m'mbale, amachokera ku tizilombo tolowa pabala. Lipoma nayonso sibwera chifukwa chodya mafuta. Anthu oonda amakhala nayo, munthu akaonda siiphwa, ndipo m'mabanja ena imayenda m'magazi. Thupi likumanga mnofu watsopano ndipo likufuna zomangira: mazira, usipa, nyemba, soya, nsinjiro m'ndiwo. Likufunanso vitamini C, yemwe popanda iye ulusi wa mnofu wa collagen sulimba. Malambe ali naye wambiri, ndiye ndikuwasungunulira ufa wake m'madzi ozizira masana. Madzulo ano adya mazira awiri, monyinyirika.

Mwayi wathu ndi woti shuga alibe, anawayeza asanawachite opaleshoni, ndipo fodya sasuta. Ziwirizi ndizo zimachedwetsa mabala kwambiri.

Lolemba, 13 Okutobala

Kutentha kwa Okutobala kukutivuta. Pofika masana thukuta lili kamukamu, pulasitala akumatuka m'makona. Ndikusintha bandeji ikangonyowa osadikira nthawi yake, ndipo avula bulauzi yothina, akungofunda chitenje chopepuka. Akusamba ndi kapu, madzi akutsika kuchokera m'chiuno, kumsana ndikuwapukuta ndine ndi kansalu.

Usiku anati thupi likuphwanya. Kuno munthu akangotero timathamangira kunena malungo, koma amene ali ndi bala ayenera kuganiziridwa zonse ziwiri, poti tizilombo ta pabala timakonda kuonekera sabata yoyamba ikamatha. Ndinawayeza kutentha kwa thupi: madigiri 37.1. Bala lozizira, louma. Akanafika 38 tikanapita usiku womwewo kuti akaone bala ndi kuyeza malungo pamodzi. Lero adzuka bwino.

Lachinayi, 16 Okutobala

"Mwanangu, chabweranso." Ndi mawu omwe andilandira nawo pochokera kuntchito. Anapisa dzanja lamanzere kumsana n'kumva chotupa pamalo omwe aja.

Ndatsegula. Zoonadi pansi pa mzere patukuka, pafupifupi theka la mmene chinalili chakale. Koma n'chosiyana: ukadina mbali imodzi, mbali inayo imakwera, ngati muli madzi. Sichikutentha, sichikupweteka, ulusi uli m'malo mwake, ndipo pakona yam'munsi pakutuluka timadzi tachikasu toyera, topanda fungo. Ndawauza kuti chotupa chomwe chinatenga zaka kukula sichingamere m'sabata imodzi, koma sanandimve. Anthu anawauza kale kuti chotupa ukachidula chimakwiya. Nsima sanadye.

Pocheza ndamva kuti dzulo anachapa nsalu zawo ndi kuzifinya, poti ululu unatha ndipo sakufuna kukhala ngati mlendo pakhomo pawo.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndi seroma. Adokotala afotokoza kuti mphako ija imadzaza madzi ochokera m'timitsempha todulidwa, makamaka pamene chotupa chinali chachikulu komanso malowo akusunthasuntha. Khoma lakumwamba ndi lapansi zimayenera kugundana kuti zimatane. Phewa likamagwira ntchito zimangotsetsereka, madzi n'kupeza malo. Imatha kubwera ngakhale kwa munthu amene wangokhala phee, choncho sanawakalipire Amayi, ndipo ndawathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo.

Yaing'ono amaisiya, thupi limamwa lokha m'masabata angapo. Iyi inali ikukoka ulusi, ndiye anapukuta khungu ndi ayodini, n'kulowetsa singano pambali, kutali ndi mzere. Sirinji inadzaza madzi achikasu oonekera, anakhuthula, inadzazanso theka. Khungu linaphwa ine ndikuona. Adokotala anatenga sirinjiyo n'kuzungulira nayo kutsogolo kwa Amayi: "Mayi, taonani, chotupa chanu chija ndi ichi. Ndi madzi." Amayi anayang'anitsitsa, n'kufunsa ngati angamwe tiyi tsopano.

Amanga gauze wambiri pamwamba ndi bandeji yotanuka yozungulira chifuwa kuti ipanikize mphako. Achenjeza zinthu ziwiri. Madziwo akhoza kubweranso, tisadabwe. Ndipo tisayerekeze kuboola kapena kufinya tokha kunyumba, chifukwa madzi okhala m'mphako yotsekeka akalowa tizilombo amasanduka chithupsa, ndipo pamenepo bala liyenera kutsegulidwanso. Kusiyana kwake ndi magazi oundana, omwe amati hematoma, n'koti iwo amabwera msanga, m'maola kapena masiku oyamba, amalimba, amapweteka ndipo khungu limada.

Ndikuona kuti tikanauzidwa dzina la chinthuchi ndi maonekedwe ake tsiku loyamba, Amayi sakanagona ndi njala dzulo. Aliyense wochotsedwa chotupa chokulirapo ayenera kumva za madzi amenewa asanatuluke pachipata.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Ulusi wachoka. Anesi amakweza mfundo ndi kachitsulo kopanira, kudula mbali imodzi pafupi ndi khungu, n'kusolola, kuti gawo lomwe linali kunja lisadutse mkati. Amayi akuti zimangomveka ngati kutsinidwa. Mzere watsekeka wonse. Madzi abwererako pang'ono, osafika poti n'kupopanso. Amata timapepala tomata topingasa mzere, tidzagwa tokha.

M'mbali mwa mzere muli kamtunda kolimba gwa, kotalika ngati balalo. Anesi akuti ndi chizindikiro chabwino, ndi mnofu watsopano ukumangidwa pansi, ndipo kadzafewa m'miyezi ikubwerayi. Kuyabwa kwayamba. Ndawawengera zikhadabo.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Sabata ino ndiye yovuta kuposa zonse, ngakhale bala likuoneka bwino kuposa kale lonse. Bandeji yachoka, ululu palibe, ndipo kwa Amayi nkhani yatha. Akufuna kubwerera kumsika. Tomato wawo akuwagulitsira mnzawo, ndipo makasitomala, akuti, sadikira munthu.

Dzulo ndinawapeza atawerama, mdzukulu wawo ali kale kumsana, chitenje chili m'manja kuti amange. Mutu wa mwanayo unali ndendende pa chipsera, ndipo chitenje chikanadutsa pomwepo n'kukoka ndi kulemera kwake konse. Ndinamunyamula mwanayo. Anakhumudwa.

"Iwe, ndakubereka pamsana pomwepa. Lero undiletse mdzukulu wanga?"

"Amayi, sindikukuletsani. Mufukateni pamiyendo. Kumsanako tidikire."

"Si wanena wekha kuti latsekeka?"

Ndinawakhazika pansi n'kuwauza zomwe adokotala anandiuza. Pakatha masabata atatu, bala losokedwa limakhala ndi mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a khungu labwinobwino. Limalimba pang'onopang'ono mpaka miyezi itatu, ndipo ngakhale pamenepo limathera pa 80 peresenti, silibwerera mwakale. Ulusi wa kunja womwe unkathandiza kugwira wachoka, wamkati ukusungunuka. Ndiye kuti nthawi yomwe likuoneka lopola ndi yomwe lili lokha popanda chothandizira. Likakokedwa tsopano mwina silingang'ambike, koma chipsera chimatambasuka, ndipo mphako yomwe yangoyamba kumatana imatsegukanso.

Tagwirizana motere: kumsika apita kuyambira sabata yamawa, koma kukakhala pabenchi ndi kuwerenga ndalama. Dengu la tomato awasenzere mnyamata, timulipira. Kusenza ndowa, kusinja, kulima ndi kubereka mwana zidikire mpaka masabata 6 atakwana. Mvula yayandikira ndipo munda sunathe kugalauzidwa. Mchimwene wanga watumiza ya aganyu.

Sindikufuna kuti angokhala osasuntha phewa, lingaume. M'mawa uliwonse akukweza mkono pang'onopang'ono, zala zikukwera pakhoma, kulekeza pomwe ayamba kumva kukoka.

Lachitatu, 12 Novembala

Zotsatira za ku labotale zafika: lipoma wamba, palibe khansa. Ndamata pepalalo m'buku la kuchipatala. Madzi aja aphweratu, ndipo pomwe panali chotupa palowa pang'ono. Achipatala akuti padzadzaza pakapita nthawi. Amayi apempha kuti Lamlungu tikathokoze kutchalitchi.

Lachiwiri, 2 Disembala

Tsopano ntchito yatsala pa chipsera, ndipo apa ndili tcheru kwambiri. Amayi ali ndi kachotupa kolimba kukhutu pomwe anaboola ndolo ali mtsikana. Ndi keloid, ndipo munthu amene anachitapo kamodzi akhoza kuchitanso. Ife a khungu lakuda timachita zipsera zotere kuposa azungu, ndipo malo omwe zimakonda ndi omwewa: khutu, chifuwa, mapewa ndi kumtunda kwa msana. Ndinawauza adokotala zimenezi asanachite opaleshoni, ndipo anati tidzayang'anire limodzi.

Pali mitundu iwiri yoti ndisaisokoneze. China ndi chipsera chotukuka chomwe chimakhala m'malire a bala, chimakwera miyezi yoyamba kenako n'kumatsika chokha. Keloid imadumpha malire, imalowa pakhungu lomwe silinadulidwe, imayabwa kapena kubaya, siitsika yokha, ndipo imatha kuyamba patapita miyezi munthu ataiwala. Kuidula kokha nthawi zambiri kumaibweza yokulirapo. Chothandiza ndi kuipeza ikadali yaing'ono, pomwe jakisoni wa triamcinolone wobaya m'chipsera momwemo amatha kuifewetsa.

Ndiye ndikujambula chipsera pafoni Lamlungu lililonse, rula ili pambali, pa zenera lomwelo. Lero chatukuka pang'ono chakumtunda, chada kuposa khungu lozungulira, koma chili m'malire ake. Madzulo ndikumapaka Vaseline ndi kusisita mozungulira ndi chala chachikulu mphindi zisanu. Ndapeza timapepala ta silicone, tomata pachipsera kuti chisatukuke, ku famase ya mtauni. Mtengo wake ndi wowawa, koma kamodzi kamachapidwa n'kumatidwanso kwa masiku angapo, ndipo kamayenera kukhalapo maola osachepera 12 patsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kutentha kukumakamatula, choncho tikumata usiku mpaka m'mawa. Kumunda avale bulauzi yophimba phewa, dzuwa limadetsa chipsera chatsopano.

Akudandaula kuti m'munsi mwa mzere muli malo omwe sakumva ndikawagwira, ndipo nthawi zina mumalasa mwadzidzidzi. Ndi timitsempha ta khungu tomwe tinadulidwa. Timamera pang'onopang'ono, miyezi ingapo, ndipo kwa ena kadzanzi kochepa kamatsala.

Lachiwiri, 6 Januwale

Miyezi itatu yakwana. Amayi akusenza dengu lawo, akupalira, ndipo mdzukulu wabwerera kumsana, chitenje chikudutsa m'munsi mwa chipsera. Akugona chagada. Kamtunda kolimba kaja kafewa, dzanzi lachepa ndi theka.

Gawo lakumtunda la chipsera silinatsike. Poyerekeza ndi chithunzi cha pa 7 Disembala, lakula m'lifupi pafupifupi milimita imodzi, ndipo akuti likumayabwa usiku. Silinadumphe malire, komabe sindidikira kuti lidumphe. Tapatsidwa tsiku la 20 Januwale kuti adokotala akalione ndi kuganiza za jakisoni. Silicone tipitiriza mpaka tsikulo, ndipo zithunzi zonse ndazisonkhanitsa mufoda imodzi kuti ndikawaonetse. Amayi apezanso kachotupa kena kofewa pamkono wamanzere, kochepera sentimita imodzi, kosapweteka. Ndakayeza, ndakalemba m'buku, ndipo tikakaonetsa tsiku lomwelo.